Za Kuyenda ndi Ana m'Mzinda wa Edinburgh ndi Thumba Lopepuka

Masiku ano ambiri a inu muli ndi mwana kapena mlongo amene akhala ku Ulaya, ena pa sukulu, ena pa ntchito yosamala odwala ndi okalamba. Ndipo nthawi zina afika mawu akuti, bwerani mudzatione, mudze nawo ana. Pamenepo mtima ukondwera, koma suchedwa kugwa, pakuti tonse tamva kuti ndalama ya kumeneko ndi yolemera, ndi kuti makwacha amene adyetsa banja sabata lathunthu kwathu asungunuka tsiku limodzi kumeneko monga mchere m'madzi. Mbiri imeneyi ndi yoona ndithu. Ife tinakhala masabata awiri m'mzinda wa Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, makolo awiri ndi ana atatu, m'nyumba ya alamu athu. Ndipo tifuna kukuuzani zimene tinapeza, kuti amene adzayenda ulendo wotere asakongole ndalama chifukwa cha manyazi, kapena kutsekera ana m'nyumba chifukwa cha mantha.

Poyamba tikumbuke mwini nyumba. Kwathu timati mlendo ndi mame, ndipo timphera nkhuku osawerengera. Koma mbale wathu wa ku Ulaya alibe khola kapena nkhokwe. Alipira nyumba, moto ndi magetsi mwezi ndi mwezi, ndipo alamu athu anali kugwira ntchito usiku, nabwera m'mawa maso ali psuu. Munthu wotere sadzakana ana a mbale wake akapempha kulowa m'malo olipira, pakuti nayenso ali ndi manyazi ake. Adzatulutsa ndalama ya lendi mwakachetechete, nadzavutika ife titachoka. Chifukwa chake tinapangana kuti tidzafuna zinthu zosalipira, ndipo tinazipeza zambiri kotero kuti masiku anatiperewera.

Pakati pa mzinda pali thanthwe lalikulu lakuda, ndi pamwamba pake linga la mafumu akale, lotchedwa Edinburgh Castle. Alendo onse athamangira kumeneko, koma pamene tinali kumeneko polowa munthu wamkulu anali kulipira pafupi mapaundi 20, ndipo banja lonse likalowa ndalama ya chakudya cha masiku angapo yatha. Ife sitinalowe. Tinakhala m'munda wa maluwa wa patsinde pake, Princes Street Gardens, umene ulibe msonkho, ndi kuyembekeza mzinga. Pakuti kuyambira chaka cha 1861 aomba mzinga pa lingalo nthawi ya 1 koloko masana, masiku onse kupatula Lasabata, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Anayamba mwambowu kuti eni zombo za pa nyanja ya Firth of Forth akonze mawotchi awo, popeza woyenda panyanja asochera wotchi yake ikanama. Eni mzinda anena mwanthabwala kuti makolo awo anasankha 1 koloko osati 12 koloko kuti asawononge wonga poomba kakhumi ndi kawiri. Anthu otere, tinati, adzatimvetsa ife osunga khobidi. Mzingawo umveka chimodzimodzi kwa wolipira ndi kwa wosalipira. Ana athu analumpha, nkhunda zinauluka, koma eni mzinda anangoyang'ana pa mkono napitirira.

M'munda momwemo muli wotchi yaikulu yobzalidwa ndi maluwa, imene anayamba mu 1903, ndipo mivi yake iyendadi. Chakum'mawa kwake kwaima chifanizo chamkuwa cha David Livingstone, buku lili m'dzanja. Anachiimika mu 1876, chaka chomwe amishoni a ku Scotland anafika ku mapiri a Shire natcha malo awo Blantyre, dzina la mudzi umene iye anabadwiramo mu 1813. Blantyre woyambayo ali pafupi ndi Glasgow, ndipo kupitako kufuna ndalama za sitima; ife tinakhutira ndi chifanizo, ndipo ana anazizwa kupeza munthu wa m'buku lawo la sukulu ataima pakati pa anthu osadziwa Chichewa.

Koma chuma chenicheni cha banja losauka ndicho nyumba yosungiramo zinthu zakale, National Museum of Scotland, pa msewu wa Chambers Street. Atsegula kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 5 koloko madzulo, ndipo polowa salipiritsa. Pakhomo pali bokosi, woponyamo aponya, wosaponya palibe amyang'ana. Tinapitako katatu, ndipo sitinaitsirize. Muli njovu ndi kadyamsonga zoumitsidwa ngati zamoyo, chigaza cha namgumi, ndi chifanizo cha mafupa a chilombo cha makedzana chotchedwa Tyrannosaurus rex, chimene mano ake alingana ndi mipeni. Muli makina amene ana aloledwa kugwira ndi kupukusa, ndipo palibe mlonda wowakalipira. Pamwamba pa denga pali bwalo pamene munthu aona mzinda wonse kwaulere.

Chimene chinatigwira mtima koposa ndi nkhosa. Inu oweta ziweto mverani. Nkhosa iyi, dzina lake Dolly, inabadwa mu 1996 ku Roslin, pafupi ndi Edinburgh, popanda nkhosa yamphongo. Anthu ophunzira anatenga kachidutswa ka thupi kosaoneka ndi maso ku bere la nkhosa yaikazi, nachotsa mtima wake wa kachidutswako, m'mene mukhala chibadwa chonse cha nyama, nauika m'dzira la nkhosa ina limene analichotsa mtima wakewake; dziralo analiika m'mimba mwa nkhosa yachitatu, ndipo iyo inabala. Mwanayo anatuluka wofanana m'chibadwa ndi nkhosa yoyamba ija, monga mapasa. Dolly anabala ana 6 monga nkhosa zonse, nafa mu 2003, ndipo tsopano aima m'bokosi la galasi lozungulira pang'onopang'ono. Mwana wathu wamkulu anafunsa kuti mayi wake weniweni ndi uti mwa atatuwo, ndipo tinatsutsana za ichi njira yonse yobwerera kunyumba, osalipira kanthu.

Potuluka m'nyumbayo, patsidya pa msewu, pali kachifanizo ka galu, Greyfriars Bobby, amene anthu anena kuti analonda manda a mbuye wake zaka 14 kufikira anafa mu 1872. Alendo asisita mphuno yake pofuna mwayi mpaka yayera. Ife tinaletsa ana, pakuti chiwononga chifanizo, ndiponso mwayi sukhala m'mphuno ya galu. Pa msewu wa Royal Mile palinso Museum of Childhood, yodzala ndi zidole za ana akale, yosalipiritsanso.

Tsiku lopanda mvula tinakwera phiri la Arthur's Seat, limene lili m'kati mwa mzinda, m'nkhalango ya Holyrood Park. Ndilo phiri lamoto lozima kalekale, lotalika mamita 251. Kwa ife odziwa Mulanje ndi Dedza ndi chulu chabe, ndipo ana ozolowera kukatunga madzi kudambo anasiya azungu ambiri m'njira akupuma wefuwefu. Koma mphepo ya pamwamba pake siseka ndi munthu, ndipo miyala iterera ikanyowa. Mwana wamng'ono mumgwire dzanja. Patsinde pali thamanda la abakha ndi mbalame zazikulu zoyera zonga atsekwe. Tsiku lina tinapita ku Royal Botanic Garden, munda wa mitengo ya maiko onse, umene chiyambi chake ndi chaka cha 1670. Kumenekonso sitinalipire, ndipo ana anatha masana onse kuthamangitsa agologolo.

Tsono za chakudya, pakuti apa ndi pamene ndalama ithawira. Mwana akamva fungo la nsomba ndi mbatata zokazinga alira, ndipo mbale imodzi ya m'nyumba yodyera igula buledi wa masiku ambiri. Tinachita monga kwathu: kamba ayenera kukonzedwa usiku. Mazira owiritsa, buledi wopaka, maapulo, ndi tiyi m'fulasiki zinatikwanira, ndipo tinadyera pa udzu monga achitira eni dziko, amene saona manyazi pa ichi. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, kotero kugula madzi a m'botolo ndi kutaya ndalama. M'masitolo aakulu, madzulo, atsitsa mtengo wa zakudya zimene tsiku lake layandikira kutha, naziika chizindikiro chachikasu. Ndipo ufa wa chimanga upezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a ku Asia, kotero nsima sitinaisowe. Tsiku limodzi lokha tinagula nsomba zokazingazo, kuti ana asabwerere kwawo osalawa, ndipo tinagawana mapaketi awiri anthu asanu. Zovala zamphepo musagule zatsopano: m'misewu yambiri muli timasitolo ta zovala zovalidwa kale, tonga kaunjika wathu, koma phindu lake lipita kothandiza odwala ndi osowa.

Alipo mabasi opanda denga oyendetsa alendo pa mtengo waukulu. Ife tinakwera mabasi wamba a Lothian Buses, amene ali ndi nyumba ziwiri, yapansi ndi yapamwamba. Mwana akakhala pamwamba kutsogolo ayesa kuti ndiye woyendetsa. Ana osakwana zaka 5 salipira. Koma dziwani kuti woyendetsa sabweza chenji, ndipo muyenera kuponya ndalama yokwanira ndendende, kapena kulipira ndi khadi la banki. Basi yotere inatifikitsa ku Portobello, kugombe la mchenga. Ana athu adziwa nyanja ya kwathu, ya madzi ofunda ndi ozuna. Apa anathamangira m'madzi, natulukamo msanga akukuwa chifukwa cha kuzizira, ndipo wamng'ono analawa, nalavula, nafunsa kuti wathira mchere wochuluka chotere ndani.

Chotsala ndi nyengo. Mwezi wa Ogasiti mzindawu uchita chikondwerero chachikulu cha zisudzo ndi nyimbo, chimene chinayamba mu 1947. Anthu asefukira, ndipo mitengo ya malo ogona ikwera koopsa. Amene alibe mbale womsunga apewe mwezi umenewo. Koma wokhala kwa mbale adzapeza ochita masewera pa Royal Mile tsiku lonse, ena oponya mipeni m'mwamba, ena oyimba zitoliro za thumba, ndipo kuonerera sikulipiritsa. Pomaliza ayendetsa chipewa, ndipo tiyesa kuti nkoyenera kupatsa mwana kakhobidi akaponyemo, popeza imeneyo ndiyo ntchito imene adyera anthuwo. Mu Disembala dzuwa lilowa isanakwane 4 koloko, ndipo kuzizira kutsekera banja m'nyumba. Mu Juni lilowa ngati 10 koloko usiku, kotero tsiku limodzi likwanira phiri ndi nyanja pamodzi. Chovuta chake nchakuti ana akana kugona, nati sikunade, ndipo muyenera kupachika bulangeti pa zenera.