Kalata kwa Mwana Wanga Wopita Kukaphunzira za Mtima wa Munthu

Lizulu, Ntcheu

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza tsiku la ulendo wako wa ku Zomba layandikira, ndipo pa tsikulo pakhomo padzadzaza azakhali ako, amalume ako ndi anansi odzatsazikana nawe, kotero kuti mawu ofunika adzamira m'phokoso la malonje, ndaona kuti n'kwabwino ndikulembere zimene zili kumtima kwanga, kuti ukakakhazikika ku Yunivesite ya Malawi, kumene ife akale timakutchabe Chancellor College, uziziwerenga mofatsa; pakuti mawu a akulu akoma akagonera.

Wasankha maphunziro a saikoloje, ofufuza maganizo ndi khalidwe la munthu, ndipo ine, amene ndinalawako pang'ono nzeruzi pophunzira uphunzitsi, ndikuti wasenza katundu wolemera, chifukwa makolo athu sananame pamene anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Anthu a mitundu yonse akhala akusinkhasinkha za mtima kuyambira kalekale. Chachilendo chimene chinadza mu 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula nyumba yoyeseramo za maganizo mu mzinda wa Leipzig ku Germany, ndicho chakuti chilichonse chonenedwa za mtima wa munthu chiyambe chayesedwa, chawerengedwa, ndi kuyesedwanso ndi wina, chisanavomerezedwe. Ukudziwa kuti kwathu kuno kadzidzi akalira padenga, ndipo m'mudzi mukagwa maliro sabata yomweyo, aliyense amakumbukira kulira kuja, koma usiku wina wonse umene mbalameyo inalira popanda womwalira, palibe amene amausunga m'mutu. Ichi ndi chizolowezi cha munthu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, kutola zogwirizana ndi chimene amakhulupirira kale ndi kutaya zotsutsa. Chotero ukamva chiphunzitso, chingakhale chochokera kwa pulofesa, uzifunsa mwaulemu kuti anachiyesa pa anthu angati, anthu ake a kuti, ndipo anawafanizira ndi ayani. Safunsa anadya phula.

Tsono kumeneko ukapeza kuti akatswiriwo sayankhula chimodzi, koma agawikana m'magulu, ndipo kuti ndikuonetse kusiyana kwawo, tayerekeza mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, mwamuna wa mphamvu zake, amene anakongola ndalama ku banki m'khonde nagula mbewu ndi feteleza, koma chiwawu chinagwa m'munda mvula ili pakati, ndipo pokumba anangotola zowola. Lero akungokhala pakhonde atagwira tsaya, nsima akuitsina kawiri n'kusamba m'manja, usiku tulo sakutiona, ana akamuyandikira akuwazazira, ndipo dzuwa likapendeka akuzembera kwa otcheza kachasu. Ena akuti amulodza, ena akuti ndi ulesi, mkazi wake akungoti bambowa ali ndi maganizo.

Oyamba adzayang'ana thupi. Iwo amati chimwemwe ndi chisoni chomwe zimachitika mu ubongo, mmene muli timaselo ta minyewa pafupifupi 86 biliyoni totumizirana uthenga usana ndi usiku. Ndipo adzafunsa ngati mlimiyo ali ndi nthenda ina, ngati mowa wayamba kumuwononga, ndiponso ngati kumtundu kwake kunali wina wodwala chomwecho. Usawapeputse, pakuti ndi nzeru yawo imene inatiphunzitsa kuti khunyu si chiwanda ndipo sapatsirana, kotero kuti mnzathu akagwera pamoto tizimugwira ndi kumukoka osaopa thovu lake, ndiponso kuti ku chipatala kuli mankhwala oletsa kugwako.

Achiwiri ndi otsatira Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna, mwini buku la kumasulira maloto la mu 1900, amene anaphunzitsa kuti mbali yaikulu ya mtima ndi yobisika kwa mwini wake yemwe, ndi kuti zilonda za paubwana zimalamulira munthu atamera imvi. Awa adzafuna kudziwa mmene mlimiyo analeredwera, kapena anaona atate ake akulandidwa mbuzi chifukwa cha ngongole anthu akupenya; ndipo adzati ukali umene akuuthira pa ana ndi wa kwina, wangogwera pa iwo chifukwa ndiwo sangabweze. M'menemo muli choona, koma dziwa kuti zambiri za Freud sizinatsimikizike poyesedwa, ndipo uzimuwerenga mwaulemu monga kholo la maphunzirowa, osati monga mneneri.

Achitatu anati tileke kulosera za m'kati, tipenye zimene munthu akuchita. Ivan Pavlov wa ku Russia anaona agalu ake akuchucha dovu pongomva mapazi a wowapatsa chakudya; John Watson wa ku America analengeza mu 1913 kuti khalidwe looneka ndilo loyenera kufufuzidwa; ndipo B. F. Skinner anaonetsa kuti chochita chotsatidwa ndi mphotho chimakhazikika. Izi unaziona wekha kusikelo, pamene khanda limene linabayidwapo katemera limayamba kulira ndi kukakamira nsalu ya amake pongoona yunifolomu ya namwino, jakisoni asanatuluke n'komwe. Za mlimi wathu adzati kachasu amamuchotsera nkhawa kwa usiku umodzi, ndipo mpumulo umenewo ndiyo mphotho imene idzamubwezerekonso mawa. Mankhwala ake ndi kumubwezera pang'onopang'ono ku ntchito zazing'ono zopatsa mtima chikhutiro, kaya kumanga khola, kaya kuthirira kudimba.

Achinayi anabwerera m'kati, nafufuza mmene munthu amaonera, amakumbukirira ndi kumasulira zomugwera. Aaron Beck wa ku Philadelphia, m'zaka za m'ma 1960, anaona kuti anthu ogwidwa ndi chisoni chosatha amaganiza zoipa zokhazokha za iwo eni, za dziko lowazungulira, ndi za m'tsogolo. Alimi awiri angathe kutaya minda yofanana; wina nati chaka chino chandilaka, mnzake nati ine ndine wachabechabe ndipo sindidzadzukanso. Tsoka ndi limodzi, koma wachiwiriyu ndiye amadwala, ndipo kumuthandiza ndiko kukhala naye pansi ndi kuyesa maganizowo limodzilimodzi ngati ali oona. Achisanu, Abraham Maslow ndi Carl Rogers, anakana kuona munthu ngati mtolo wa zilema. Maslow mu 1943 anasanja zosowa za munthu kuyambira chakudya ndi chitetezo, kudza chikondi ndi ulemu, kufikira kukwaniritsa mphatso zake, ndipo Rogers anati munthu amachira pamene wapeza womumvera wosamuweruza.

Otsiriza ndiwo amene ali pafupi ndi kwathu, chifukwa amati sungamudziwe munthu utamuzula pakati pa anthu ake. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Awa adzakumbukira kuti mlimiyo anakulira m'dziko la Inkosi ya Makhosi Gomani, kumene mnyamata amauzidwa ali wamng'ono kuti mwamuna salira, ndi kuti manyazi a ngongole pamaso pa apongozi amamulemera koposa ngongoleyo. Mabuku ambiri amene ukawerenge anatuluka pa kuyesa anthu a ku America ndi ku Ulaya, choncho usaiwale kufunafuna zolemba za akatswiri a kuno, monga Chiwoza Bandawe, amene wakhala akuphunzitsa kuti umunthu ukhale maziko a maphunzirowa m'Malawi. Ndipo ukamvenso za Dixon Chibanda wa ku Zimbabwe, amene, poona kuchepa kwa madokotala a maganizo, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa mabenchi pafupi ndi zipatala za ku Harare ndi kumvetsera ovutika mumtima, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti ambiri anapezadi bwino.

Udzandifunsa kuti mwa onsewa wolondola ndani. Yankho langa ndi lakuti mutu umodzi susenza denga: mlimi uja ali ndi ubongo, ali ndi ubwana wake, zizolowezi zake, maganizo ake, zolakalaka zake ndi mudzi wake, zonse pa nthawi imodzi, ndipo wophunzira amene walumbirira gulu limodzi adzaona gawo limodzi lokha la munthu n'kumayesa kuti wamuona yense. Uwaphunzire onse mwakhama, koma munthu amene wakhala pamaso pako umuyese wamkulu koposa buku lililonse limene wawerenga za iye. Kumbukira abwenzi a Yobu, amene anachita bwino masiku asanu ndi awiri pamene anakhala naye pansi ali chete, ndipo analakwa pamene anatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa cha masautso ake.

Pachifukwa chimenechi ndikukulangiza zinthu zitatu. Choyamba, ukadzabwera patchuthi, usadzayambe kutcha abale ako mayina a matenda amene waloweza, kapena kuseka agogo ako pamene akumasulira maloto, chifukwa anamkungwi ndi ankhoswe anali kumangitsa mabanja ndi kutonthoza anamfedwa mabuku ako asanalembedwe. Chachiwiri, mnzako akakuululira zakukhosi, zithere mwa iwe, pakuti mlangizi wa pakamwa pochucha amapha koposa nthenda. Ndipo podutsa pa chipatala cha odwala maganizo cha mu Zomba momwemo, lilime lako lisatulutse chipongwe, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chachitatu, usayese kuti wophunzira za mtima sasweka mtima. Maphunziro akakulemera, ndalama zikakuthera, kapena chisoni chikakugwira osadziwa kumene chachokera, usadzitsekere m'chipinda, koma uuze mnzako wokhulupirika, upite kwa alangizi a pasukulupo, ndipo utiimbire foni, ungakhale usiku pakati.

Amayi ako akupatsa moni, ndipo akuti thumba la kachewere ndi nyemba akumangira kale, ukagawireko anzako a m'chipinda. Mulungu wa makolo athu akutsogolere panjira, akupatse khutu lofulumira ndi lilime lodekha.

Ndine atate ako okukonda.