Wachongo pa miting'i ya njila

Mu Kabwe ambili a ife sitiyenda pa tala. Tala ya Great North Road ni ya mathilaki na mabasi opita ku Kapiri Mposhi na ku Copperbelt. Njila zathu zenizeni ni zija za dothi zodula pakati pa nyumba, zochoka mu komboni kupita ku tauni, kumsika, kusukulu. Palibe anazipima. Zinapangidwa na mapazi, ndipo manje aliyense afuna kupitapo: mwana wa giledi 2, amai osenza tomato, wa njinga yomanga masaka a malasha mpaka saona kumbuyo, wa wilibala, na anyamata a njinga zamoto amene achuluka zaka zino.

Kwina kukanakhala kulimbilana malo chabe. Kuno kuli na fumbi. Mgodi wa mtovu na zinki unatsekedwa mu 1994, utagwila nchito zaka pafupifupi 90, koma mtovu sunachoke. Ukali m'dothi la ku Kasanda, ku Chowa, ku Makululu. Kuyambila August mpaka October, kukauma, njinga yamoto imodzi yothamanga imautsa mtambo umene umakagwa pa khonde, pa mbale zoyanika, pa manja a mwana wokwawa. Mwanayo amaika manja mkamwa. Mtovu ukalowa m'magazi a mwana wamng'ono umaononga ubongo, ndipo choonongekacho sichibwelela. Ndiye tikaitana miting'i ya njila mu komboni, sitikamba za ulemu chabe.

Koma miting'i iliyonse ili na munthu wake. Mumudziwa. Afika mochedwa, sakhala pansi, mau ake amveka mpaka nyumba yachitatu. Amai ena akayamba kufotokoza za mwana wao amene anapimidwa magazi ku kiliniki, iye wadula kale: "Njila ni ya atate anu?" Mukakamba za liwilo, iye walowa m'nkhani za chipani. Mukakamba za fumbi, afunsa kuti munabwela liti mu Kabwe, popeza mukamba Chinyanja osati Chibemba kapena Chilenje. Ife achinyamata magazi satenga nthawi kutentha. Mmodzi ayankha, wina aonjezela, dzuwa lapendeka. Amai aja abeleka mwana, apita kukaphika. Wachongo wawina, osakamba liu limodzi lokhudza njila.

Ena amati tingomuthamangitsa. Ife sitivomela. Mawa m'mawa adzadutsa njila yomweyo, ndipo munthu wothamangitsidwa pa miting'i amakapitiliza miting'i yake pa njila, na hutala. Komanso pansi pa chongo nthawi zambili pamakhala mau oona. Mnyamata wa njinga yamoto wokuwa uja afunika kupeleka ndalama kwa mwini njinga madzulo alionse, ndipo kuzungulila ku tala ni petulo. Wa malasha wapalasa kuchoka kumudzi kusanache. Akatsika pa njinga yolemela choncho, kukwelanso ni nkhondo. Anthu awa akamva "titseke njila", m'makutu mwao mumalowa "musadye".

Chimene chatithandiza si chanzelu zakuya. Wotsogolela miting'i akhale munthu wamkulu, osati mnzathu wa msinkhu umodzi, chifukwa kutukwana ambuya pamaso pa anthu kumavuta ngakhale kwa woledzela. Aliyense ali na mphindi ziwili. Wachongo nayenso ali nazo, ndipo timamupatsa poyambilila, asanayambe kulanda za ena. Akatsiliza, wotsogolela amufunsa modekha: "Tamva, ba mudala. Manje pa njila iyi mufuna tichite chani?"

Funso ili limasiyanitsa anthu. Amene ali na dandaulo lenileni amayankha, nthawi zina bwino kuposa ife. Mmodzi wa anyamata okuwa ndiye anati, m'malo moletselatu njinga zamoto, zizipita pang'onopang'ono panthawi imene ana apita na kubwela kusukulu. Anzake anamumvela chifukwa ni wao. Tikanakamba ife akanati ni nsanje. Amene anabwelela chongo chabe alibe yankho. Amabwelezanso chitonzo chija, ndipo apa ndiye pali nchito yolimba kwa ife: kukhala chete. Osaseka, osatulutsa foni kuti timujambule, osamuyankha. Wotsogolela angotembenuka: "Amai, pitilizani pamene munalekela." Munthu wokuwa popanda womuyankha amalema msanga kuposa mmene mungaganizile.

Pali chinthu chimodzi chimene sitinyengelela, kuopseza. Ukauza mzimai kuti udzamugunda ukadzamupeza pa njila, nkhani yachoka pa miting'i, yapita ku polisi. Tikasekelela zimenezo, mwezi wamawa amai sabwela, ndipo amene adziwa bwino kumene ana amasewela ni iwo.

Zimene tagwilizana mpaka pano ni zazing'ono. Liwilo litsike pa nthawi ya sukulu. Wa wilibala apatukile wa njinga yolemela. Nyumba zili m'mbali mwa njila ziziwaza madzi otsukila mbale na ochapila kuti fumbi ligone. Pa mfundo yomalizayi pakali mkangano, chifukwa pampopi pakauma madzi aja amafunikanso kuchimbudzi. Ndiyo nkhani ya miting'i ikubwela, ndipo wachongo wathu watuma kale uthenga kuti adzafika.