Zimene Ana a ku Guatemala Anatiphunzitsa

Mwana wamng'ono akaona zoopsa, kawirikawiri sakamba. Munthu wamkulu akaferedwa amalira maliro, nafotokozera anansi m'mene matenda anayambira, ndipo mtima wake umapepukako. Koma mwana wa zaka 5 alibe mau otere. Iye amangoyamba kukodza pogona, kudzidzimuka usiku, kumenya anzake, kapena kungokhala duu ngati mlendo m'nyumba ya amake. Ife olemba nkhani ino tiri ophunzira ntchito yothandiza ana otere, ndipo njira imene tikuphunzira ndiyo yowachiza mwa masewera. Tifuna kukufotokozerani, awerengi okondedwa, chimene chinatitengera ku dziko la Guatemala, ndi zimene tinabwerako nazo.

Njira imeneyi siyachilendo. Anna Freud ndi Melanie Klein anayamba kuyang'anitsitsa masewera a ana osautsidwa m'zaka za m'ma 1920. Pambuyo pao Virginia Axline wa ku America, amene anatsata maganizo a Carl Rogers, anasindikiza buku lake la Play Therapy mu 1947, m'mene anaikamo mfundo 8 zotsogolera ntchitoyi. Mu 1982 Charles Schaefer ndi Kevin O'Connor anakhazikitsa bungwe la Association for Play Therapy. Kachitidwe kake nkotere: mwana amalowa m'chipinda muli zidole, mchenga, miphika ing'onoing'ono ndi utoto, kamodzi pa mlungu, kwa mphindi 30 kapena 45. Wothandiza samfunsa mafunso, samlangiza, ndiponso samsankhira choseweretsa. Amakhala pafupi, nanena mwachidule zimene akuona: "Wamubisa mwanayo kunsi kwa bedi. Akuopa." Mwana akafuna kuswa kanthu kapena kumenya munthu, wothandiza amavomereza mkwiyo wake, namuuza malire, namsonyeza china chimene angamenye. Pang'onopang'ono mwanayo amaona kuti alipo wina womvetsa zimene iye sangathe kuzitchula.

Tsono apa mpamene pagona nkhani ya chinenero. Mau a wothandiza ngochepa, koma ayenera kufika pa nthawi yake, ndi m'chinenero chimene mwana amalirira. Sukulu yathu iri kumwera kwa United States, kumene ana ambiri obwera kudzathandizidwa amachokera m'mabanja olankhula Chisipanishi. Kuika womasulira pakati pa mwana ndi womthandiza kuli ngati kutumiza moto pa chikhatho cha munthu wina: pofika uko wazima. Chifukwa chake aphunzitsi athu anatitumiza kwa milungu ingapo kuti tikakhale pakati pa eni chinenerocho.

Tinakafikira mu Antigua, mzinda wakale umene unali likulu la dzikolo kufikira zivomezi zinaugwetsa mu 1773. Muli masukulu ambiri a Chisipanishi, ndipo mwambo wao ngwakuti wophunzira mmodzi akhale ndi mphunzitsi mmodzi m'mawa wonse. Aliyense wa ife anagonekedwa pa banja lakelake, kuti angakhale pofuna madzi osamba apemphe m'Chisipanishi. Chakudya sichinativute, pakuti chimanga chimene timachiyesa chathu chinachokera ku maiko omwewo a Mexico ndi Guatemala, ndipo iwo amachidya katatu pa tsiku, chophikidwa ngati timikate topyapyala totchedwa tortilla. Chimene chinatitopetsa ndicho kukhala anthu akuluakulu osatha kunena zakukhosi. Unkadziwa chimene ukufuna, koma mau osabwera; eni nyumba nkumakumwetulira, iwe thukuta kamukamu. Pamenepo tinalawako moyo wa mwana wa zaka 4 pakati pa akulu, ndipo palibe buku likadatiphunzitsa zimenezo.

Ulemu wa m'chinenero chao sunatidabwitse ife olankhula Chichewa monga unadabwitsira anzathu olankhula Chingerezi. Iwo ali ndi usted, ndiye "inu" wathu, ndi tú kapena vos, ndiye "iwe". M'mabanja ena makolo amanena usted kwa mwana wao yemwe, monganso kwathu kuli makolo amene amati "inu" kwa khanda. Chotero wothandiza ayenera kuyamba wamvetsera m'mene mwana amaitanidwira kwao, asanatsegule pakamwa pake. Ndiponso mwana wophunzitsidwa ulemu sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo sathamangira zidole za eni asanauzidwe kawiri. Munthu wongodziwa za m'mabuku angalembe kuti mwanayo ngwamantha kapena wodwala, pamene ali mwana woleredwa bwino.

Zoseweretsa nazonso zimalankhula. Kanyumba ka zidole kokhala ndi makwerero ndi firiji, ndi tiana tatsitsi lofiirira, sizinena kanthu kwa mwana wa m'mudzi wa kumapiri. Ogwira ntchito a komweko anaikamo comal, chiwaya chophikirapo tortilla, nsalu yoberekera mwana, zidole zovala malaya oluka a amai a Chimaya otchedwa huipil, ndi basi yautotoutoto yonga imene imayenda m'misewu yao. Anatisonyezanso tizidole tating'ono ta quitapenas, timene mwana amatiuza nkhawa zake natiika kunsi kwa mtsamiro pogona. Tinazindikira kuti eni dziko anadziwa kale kuti mwana amatula mtolo wake pa chidole, anthu a ku mayunivesite asanalembe kanthu.

Koma phunziro lolemera koposa linali lakuti Chisipanishi chimene tinachivutikira sichikwanira. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu oposa 4 mwa 10 alionse m'Guatemala ndi Amaya, ndipo zinenero zao ziripo 22, monga K'iche', Q'eqchi', Kaqchikel ndi Mam. Kwa ana ambiri Chisipanishi ndi chinenero cha kusukulu ndi ku boma, osati cha pa msana pa mai. Dzikolo linali pa nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1960 kufikira 1996, ndipo bungwe lofufuza zoona linanena mu 1999 kuti anthu oposa 200,000 anaphedwa kapena kusowetsedwa, ambiri a iwo Amaya. Agogo a ana a lero ndiwo anaona zimenezo. Nanga agogo otere angapereke bwanji mdzukulu wao kwa mlendo wolemba m'kabuku, kuti atsekeredwe naye m'chipinda? Ayenera kuyamba amdziwa munthuyo, adye naye, aone chipindacho ndi maso ao.

Ndipo zoopsa sizinathere pa nkhondo. Phiri la moto la Fuego limaoneka bwino lomwe kuchokera mu Antigua. Pa 3 June 2018 linaphulika nkukwirira mudzi wa San Miguel Los Lotes, ndipo anthu pafupifupi 200 anafa, ena ambiri osapezeka. Mwana woona zotere makolo ake amati wagwidwa ndi susto, ndiko kunena mantha aakulu ochotsa mzimu m'thupi, ndipo ali nazo njira zao zomsamalira. Wothandiza wanzeru satsutsana nao pa dzina la matendawo. Amawafunsa zimene achita kale, nawauza kuti masewera adzayenda pamodzi ndi chisamaliro chao. Akawanyoza, mwanayo sabweranso mlungu wamawa, ndipo wotayika ndi mwana.

Wina angafunse kuti, kodi m'milungu yochepayo munachiza ana angati? Tiyankhe mosabisa: sitinapite kukachiza. Mwana wosautsidwa akakhulupirira munthu, munthuyo nkukwera ndege patapita masiku 20, ndiye kuti wasiyidwanso kachiwiri. Maulendo ambiri a alendo ofuna kuthandiza amapweteka ana mwa njira imeneyi, eni ulendo nkubwerera kwao ndi zithunzi zokoma. Aphunzitsi athu anakonza kuti ana akhale m'manja mwa ogwira ntchito a komweko, amene adzakhalapobe chaka chamawa, ndipo ife tikhale oonerera ndi othandizira m'magulu, makolo atavomereza. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ntchito yathu yaikulu inali yomweyo.

Njira imene tinaiona ikukhazikika bwino ndiyo yophunzitsa makolo eni ake. Bernard ndi Louise Guerney anaiyamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo Garry Landreth ndi Sue Bratton anaikonza kuti ithe m'misonkhano 10. Kholo limaphunzira kupatula mphindi 30 pa mlungu, kukhala pansi ndi mwana, kumlola atsogolere, ndi kutchula zimene mwanayo akumva. Pamenepo vuto la chinenero limatha lokha, pakuti mai ndiye mwini chinenero cha mwana wake, ndipo sakwera ndege.

Nchifukwa chake talembera inu, makolo ndi agogo. Sitikukupemphani kuti mugule zidole za m'sitolo. Ana athu ali nao masanje, ng'ombe zadothi ndi magalimoto a mawaya. Mwana wanu akasintha khalidwe pambuyo pa maliro, chigumula kapena ndeu ya m'nyumba, musafulumire kumkalipira kuti akusewera zamalodza pamene akuika maliro a chitsononkho. Khalani pansi pafupi naye, muone amene akumuika m'mandamo, ndi amene watsala yekha. Mukaona kuti masabata akupita iye osadya, osagona, kapena akusewera zosonyeza kuti wina anamgwira thupi molakwika, pitani naye kuchipatala kapena kwa a zosamalira ana msanga. Koma masiku ambiri chimene iye afuna ndicho wamkulu mmodzi wodekha, womvetsera masewera ake kufikira atatha.