Nkhwangwa Ikaguluka Mumpini

Mphwanga wokondedwa,

Unandifunsa mmene Ayuda amaweruzira munthu amene wachita choipa mosafuna, kapena chabwino mtima uli kwina. Aphunzitsi awo akhala akukangana pa nkhaniyi zaka mazanamazana, ndiye ndingokutapirako.

Gwero lake ndi Chilamulo cha Mose. Pa Deuteronomo 19 pali anthu awiri amene alowa m'nkhalango kukadula mitengo. Mmodzi akuti ateme, nkhwangwa n'kuguluka mumpini, n'kukantha mnzake mpaka kufa. Wakuphayo saphedwa, poti analibe chidani. Koma sabwereranso kwawo kukakhala ngati palibe chachitika. Amathawira ku umodzi mwa mizinda 6 yopulumukirako, monga Hebron, n'kukhala komweko mpaka mkulu wa ansembe atamwalira.

Cha m'ma 200 AD, Rabbi Judah HaNasi anasonkhanitsa ziphunzitso za makolo m'buku la Mishnah. Mmenemo muli munthu amene akudutsa kuseri kwa sunagoge pa tsiku la chaka chatsopano, n'kumva lipenga la nyanga ya nkhosa likulira. Ngati anatchera khutu n'cholinga chosunga lamulo, walisunga. Ngati linangomulowa m'khutu iye akuganiza zake, sanasunge kanthu, ngakhale wamva kulira komweko kumene amva anzake ali m'katimo.

Usathamangire kuganiza kuti kwa iwo mtima ndiwo zonse. Mishnah yomweyo imati munthu akaswa katundu wa mnzake alipire, kaya anachita dala, kaya mwangozi, kaya anagubuduka ali m'tulo. Ine apa ndi pamene ndimawagomera. Kunena kuti "sindinachite dala" kumachepetsa chilango, koma mtsuko wa mwini wake umakhala utasweka ndithu, ndipo wina ayenera kugula watsopano.

Mu Talmud, buku lina la aphunzitsi awo, mkangano unakula. Akuti Rabbi Akiva ankalira akaganizira za munthu amene watola nthuli akuyesa ndi ya nkhumba, yoletsedwa, n'kuidya, pamene inali ya nkhosa. Palibe choletsedwa chimene chalowa m'kamwa mwake, komabe afunika chikhululuko, chifukwa dzanja linatsatira mtima wopanduka. Kwina m'buku lomweli amati amene anafuna kuchita chabwino koma n'kulepheretsedwa, Mulungu amamuwerengera ngati wachita, pamene ganizo loipa lothera m'mutu saliwerengera ngati ntchito. Mphunzitsi wina, Rav, analangiza kuti munthu azichitabe chabwino ngakhale akuchitira kutamandidwa, poti m'kupita kwa nthawi adzayamba kuchichita ndi mtima woona. Mwachitsanzo, waumphawi sangadikire kuti mtima wa wopereka uyambe wayera.

Cha m'ma 1080, ku Spain, Bahya ibn Paquda analemba buku m'Chiarabu lodandaula kuti anthu akusamala malamulo a manja ndi pakamwa n'kutaya a mumtima. Kenako Joseph Karo, m'buku lake la malamulo la Shulchan Aruch losindikizidwa ku Venice mu 1565, anagamula kuti kusunga lamulo la Mulungu kumafuna cholinga. Mpaka lero m'masunagoge otsatira bukuli, woliza lipenga ayenera kulizira omvera mwadala, nawonso omverawo ayenera kumvera mwadala.

Ukapeza mpata uwerenge Numeri 35 yonse, yonena za mizinda yopulumukirako ija, ndipo undilembere zimene waonamo. Upereke moni kwa amayi.

Ndine mkulu wako.