Nsomba za ku Bingo

Ine za galimoto sindizidziwa. Ndikakwera chapa pa Tete pano kupita ku Moatize kapena ku Zóbuè, changa n'kufika bwino basi. Koma alamu anga ndi amakanika, ndipo madzulo m'nyumba mukatentha amatulutsa TV pakhonde n'kuika pulogalamu ya azungu atatu a ku Britain: Jeremy Clarkson, Richard Hammond ndi James May. Anatchuka ndi Top Gear pa BBC, kenako mu 2016 anayambitsa The Grand Tour. Ndi madoda ndithu, koma amanyozana ngati anyamata kubusa.

Tsiku lina alamuwo anati, "Khalani pansi alamu, lero ali kwathu kuno." Inali ya mu 2018 yomwe anajambula m'Mozambique muno. Atatuwo anati akukathetsa njala potenga nsomba ku Maputo kupita nazo kumudzi wa Bingo. May anaika thanki ya madzi mu Mercedes kuti nsomba zifike zamoyo. Clarkson anakwera Nissan yokhala ndi makina opangira ayezi. Hammond anapachika nsomba zake panjinga yamoto.

Sindinama, ndinaseka. Madzi ankakhavukira May m'galimoto, Hammond ankangogwa m'matope, anzakewo osamudzutsa, koma kufa nacho chikhakhali. Kusekana kotere ndimakumva kugalaja ya alamu, kumene mnzako akagwetsa sipanala umayamba wamuseka, thandizo pambuyo. Apo ndinamvetsa chimene amaikondera.

Kuseka kwanga kunatha nditaona nsomba zili mbwee mumsewu. Mayi anga anatiphunzitsa sukulu ndi chicoa, nsomba ya ku Cahora Bassa yong'ambidwa, yothiridwa mchere n'kuyanikidwa padzuwa. Imafika ku Angónia, ku Malawi ndi ku Zambia osawola, popanda ayezi kapena thanki. Nzeru imene azunguwo ankaifunafuna ndi makina, amayi a kumsika ali nayo kalekale. Ndinkadikira kuti mwina mayi mmodzi wotere apatsidwa mpata wowaphunzitsa, koma pulogalamu inatha nkhani ili ya atatuwo ndi magalimoto awo. Zimene zinafika ku Bingo sizinali ndiwo zoti n'kupatsa mlendo.

Alamu anati, "N'zoseweretsa izi, akudziseka okha." N'zoona, opusa m'nkhaniyo ndi iwo, osati ife, ndipo mwina ankanyogodola alendo obwera ndi thandizo losafunsa eni mudzi. Komabe anthu a ku Bingo sanali m'sewero, ndipo mawu akuti njala kwathu sitisewera nawo. Amene anagonapo ndi madzi okha m'mwezi wa February akudziwa.

Ndimaonerabe nawo. Akamathamangitsa magalimoto odula kwawoko, ndimaseka mtima uli m'malo. Koma ya nsomba ija ndinawapempha alamu kuti akafuna kuibwereza, azidikira mayi akagone kaye.