Usiku Umene Injini Inafooka pa Nyanja ya Chiuta

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za tsoka limene linatsala pang'ono kutigwera pa nyanja ya Chiuta m'chaka cha 2019, nyengo ya dzinja, kuti inu amene muyenda pamadzi mutengepo nzeru, musadzaone nkhawa imene ndinaiona ine.

Mudziwa kuti kwathu kuno ku Nayuchi tikhala pakati pa nyanja ziwiri: Chilwa kumwera, Chiuta kumpoto, ndipo pa mtunda wa mchenga wolekanitsa nyanjazi padzera njanji imene inatsegulidwa mu 1970, yolowa ku Mozambique pa Entre Lagos kunka ku Nacala. Nyanja zonse ziwiri nzosaya, zodzala ndi njedza, bango ndi matope. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo anaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Koma madzi a Chiuta atsikira ku nyanja ya Amaramba, nalowa mu mtsinje wa Lugenda. M'madzi otere injini ya bwato iona mavuto ambiri.

Tsiku limenelo ndinali kwa mlongo wanga kutsidya. Dzuwa litapendeka, mwana wake wa zaka zinayi, amene anali ndi malungo, anayamba kukomoka. Tinathamangira kwa amalume athu amene ali ndi bwato la matabwa ndi injini ya Yamaha imene asodzi aitcha fifitini. Iwo analibe petulo, koma ine ndinali naye m'chigubu, amene ndinagula masiku atatu apitawo. Tinamthira m'thanki, tinasakaniza ndi oyilo, tinanyamuka.

Tili pakati pa nyanja, mdima utagwa, bwato linayamba kulemera, injini nibuula ngati ng'ombe yolemedwa ndi goli. Ine mtima unandithawa, ndinati, "Amalume, onjezani moto!" Koma iwo anazimitsa injini, nati, "Mphwanga, kuona maso a nkhono nkudekha. Injini ikadwala imanena yokha pamene pakupweteka, tiyambe kuimvera." Pomwepo anandiuza kuti injini ikalira kwambiri koma bwato losayenda, ndiye kuti pulopela yaguluka m'kati kapena kachitsulo koigwira kathyoka, koma ikabuula pansipansi, ndiye kuti yamangidwa, kapena yatentha, kapena isowa mafuta, kapena isowa moto. Anati zinthu zinayizi tiziona chimodzi chimodzi, kuyambira chapafupi.

Poyamba anapendeketsa injini, ine ndilikuwaunikira ndi foni, pakuti pafupi ndi petulo sayatsapo machesi kapena nyali. Tinapeza udzu ndi ulusi wa ukonde wakale zitakulunga pulopela. Anazidula ndi mpeni, tinalizanso, ndipo bwato linapepuka. Ndinayesa kuti tapulumuka. Koma tisanapite patali, injini inayamba kutsokomola nifookanso.

Kachiwiri anaika dzanja kumbuyo kwa injini, pamene patuluka kamtsinje ka madzi oiziziritsa. Madziwo analikutuluka bwino, ndiponso sanali otentha. Motero tinadziwa kuti matope sanatseke ziboo zokokera madzi. Akadapanda kutuluka, bwenzi titaleka injini ndi kugwira nkhafi, chifukwa injini yoyenda yopanda madzi ipsa m'kanthawi kochepa.

Kachitatu anaona njira ya mafuta. Pa chitsekero cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya. Kakatsekedwa, petulo akana kutuluka. Kanali kotsegula. Anafinya kampira kopopera ka pa paipi, ndipo kanalimba, kusonyeza kuti paipi siinaboole ndiponso mafuta alikufika.

Kachinayi anamasula mapulagi awiri. Imodzi inali yonyowa ndi yakuda. Anati injini iyi ili ndi zipinda ziwiri; pulagi imodzi ikafa, itsala ndi mphamvu ya theka, ninjenjemera. Anaikapo ina imene asunga m'kachitini. Injini inalira bwino kanthawi, nibwerezanso kutsokomola. Apo mlongo wanga anayamba kulira, pakuti mwana analikupuma movutika, ndipo ine ndinagwira nkhafi kuti ndipalase, ngakhale ndinadziwa kuti ndi nkhafi tikadafika kutacha.

Amalume anakhala chete pang'ono, nandifunsa, "Mphwanga, petulo uja unamsunga pati?" Ndinayankha kuti pakhonde. "Chitsekero chinalipo?" Apo manyazi anandigwira, pakuti chitsekero chinatayika, ndipo ndinatseka ndi chitsononkho ndi pepala la pulasitiki, mvula ili kugwa masiku onse atatu. Iwo sanandidzudzule. Anatenga botolo loonekera, napopera mafuta m'menemo kuchokera ku paipi, naliimika. Posachedwa tinaona mzere: pamwamba petulo, pansi madzi otuwa okwana zala ziwiri. Madzi alemera koposa petulo, chifukwa chake akhala pansi pa thanki, pamene paipi ikokapo. Ndiponso petulo wa m'dziko lathu asakanizidwa ndi ethanolo wa ku nzimbe kuyambira 1982, pamene anayamba kumpanga ku Dwangwa. Ndipo ethanoloyo akoka madzi, kotero kuti petulo wosatsekedwa bwino aonongeka msanga m'dzinja. Pulagi ija inangonyowa chifukwa cha madziwo. Nthenda yeniyeni inali m'thanki, ndipo woibweretsa ndinali ine.

Tsono tinatsanula petulo wa pamwamba pang'onopang'ono m'chigubu china, tilikusefa ndi nsalu, ndipo wa pansi tinamsiya m'chitini. Amalume anakhuthula kakapu ka sefa, namasula kasikuluwu ka pansi pa kabureta kuti madzi otsala atuluke, napopa kufikira patatuluka petulo woyera. Atakoka chingwe kachitatu injini inalira ndi mau ake enieni. Tinayenda mosathamanga, tinafika padooko, ndipo mnyamata wa njinga yamoto anatengera mayi ndi mwana ku chipatala cha ku Nayuchi. Mwanayo anachira, ndipo lero ali pasukulu. Koma tinataya ola lathunthu pamadzi, ndipo akadafa, sindidziwa ndikadamuyang'ana bwanji mlongo wanga.

Chifukwa chake, abale anga, sungani izi. Petulo asungidwe m'chigubu chouma chotseka bwino, m'malo osafika mvula, kutali ndi moto; musanathire, muoneni m'botolo loonekera. Oyilo muyeze, musangoyerekeza: injini zambiri zotere zifuna muyeso umodzi wa oyilo pa miyeso 50 ya petulo, ndiye theka la lita pa malita 25, koma buku la injini yanu ndilo linena. M'bwato musasowe mapulagi awiri, sipanala yake, mpeni, tochi, nkhafi ndi mphondo. Ndipo injini ikafooka, musaikakamize. Zimitsani, muone pulopela, madzi, mafuta ndi moto, chimodzi chimodzi.

Amalume sanauze munthu aliyense pamudzi za chitsononkho chija. Ndanena ndekha lero, kuti manyazi anga apulumutse mwana wa wina.