Miyendo Iyambe Kukonzeka Matikiti Asanagulidwe



Tchuthi cha Disembala chayandikira, ndipo nkhani za maulendo zayamba kumveka m'makalasi. Ambiri mupita kumudzi, ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhotakota. Ochepa, amene muli ndi abale ku Joni, mukuwerenga masiku pa zala. Chaka chino banja langa lili m'gulu lochepalo. Achimwene anga amene amakhala ku Mayfair atiitana, ndipo ana anga agamula kale okha kuti ku Gold Reef City tikafikako, Insha Allah. Kuyambira mu Seputembala ndakhala ndikukonzekera. Za ndalama n'zodziwikiratu. Zimene ndikufuna tikambirane pano ndi za thupi.

Nditawauza aphunzitsi anzanga kuti ndikuchita majowajowa chifukwa cha ulendo wokasangalala, anaseka mpaka misozi. Koma malo amasewera ngati amenewa si okapumulirako. Mumalowa m'mawa, mumatuluka dzuwa litapendeka, ndipo maola onsewo mumakhala mukuyenda pa simenti kapena mwaima pa mzere kudikira kuti ana akwere chinthu cha mphindi ziwiri. Onjezani kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamwamba pa nyanja, pamene Blantyre ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Munthu wosazolowera amadabwa akupuma mwawefuwefu pokwera masitepe ochepa chabe.

Ndiye musanafike n'komwe pali basi. Kuchoka pa Wenela, kudutsa Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge, munthu amakhala atapinda mawondo usana ndi usiku wonse, n'kupitirirapo. Mapazi amatupa, ndipo kwa ena magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, chinthu chimene chimapha. Basi ikaima, tsikani muyendeyende ngakhale tulo tikukukokani. Ambiri amasiya kumwa madzi poopa kufuna chimbudzi panjira. Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma thupi louma ndilo limafika litatheratu.

Ine ndinayamba pang'ono. Tikamaliza Swala ya Fajr ndinkayenda mphindi 20 kenako n'kubwerera kunyumba. Tsopano ndimatha ola lathunthu, ndipo Loweruka ndimakwera phiri la Soche ndi mwana wanga wachisamba, amene amandisiya kumbuyo mosapatsa ulemu. Nsapato zokayendera ndinagula kale pa kaunjika mu Limbe ndipo ndikuzivala tsiku lililonse. Nsapato yatsopano yoyamba kuvala tsiku la ulendo imabala matuza isanakwane nthawi ya Dhuhr.

Makolo amene mwapitirira zaka 40 ngati ine, kayezetseni BP ndi shuga ku chipatala chapafupi, ndipo mukatenge mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Pa khomo la zokwera zoopsa pamakhala zikwangwani zochenjeza odwala mtima, a BP, a msana ndi khosi, komanso amayi oyembekezera. Pamakhalanso muyeso wa msinkhu wa ana. Muuzeni mwana wamng'ono akadali kuno kuti zina sakaloledwa, kuti asakalire pagulu. Ku Gold Reef City kuli Anaconda, imene imakuzondotsa miyendo ili lende m'malere, ndi Tower of Terror, imene imakugwetsa chamutu kulowa m'dzenje. Yachiwiriyi ndanena kale poyera kuti ine ndikagwira zikwama za ana. Amene akufuna kunena kuti mwalimu ndi wamantha anene.

Za Swala musadandaule, koma muzikonzekere. Wapaulendo amaloledwa kufupikitsa Swala za maraka anayi kukhala awiri, komanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Ophunzira a Fomu 2, izi tinaphunzira teremu yatha, ndipo ino ndiyo nthawi yozigwiritsa ntchito. Kamkeka kopyapyala sikalemera m'chikwama. Chakudya funsani ngati n'cha halal, ndipo mukakayikira pirirani mpaka ku Fordsburg, kumene malo odyera a Asilamu ndi ambirimbiri. Dziwaninso kuti pamalo omwewo pali nyumba yotchovera juga. Ana anga ndawauza kale kuti khomo limenelo si lathu, ngakhale magetsi ake awale bwanji.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa anawa. Thupi ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo ulendo waukulu umene tonse timaulakalaka umayendedwa ndi mapazi. Pakati pa Safa ndi Marwa pali mamita pafupifupi 450. Kuyendapo kasanu ndi kawiri ndi makilomita atatu ndi pang'ono, mutachita kale Tawaf, ndipo Mina ndi Jamarat zikukudikirani m'dzuwa lotentha kuposa la ku Nsanje. Ndaonapo anthu akusunga ndalama ya Haji zaka 20 koma osayendako ngakhale kuchoka ku Limbe kufika ku Chichiri. Ndalama ikakwana, mawondo amakhala atakana.

Pali china chimene chimandilemera mumtima ndikaganiza za malo amene tikupitawa. Gold Reef City inamangidwa pamwamba pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa shafuti nambala 14. Dzina la depoti yathu ya Wenela linachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba azibambo a kuno ntchito ya m'migodi ya ku South Africa. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Nawonso ankakonzekeretsedwa thupi, koma mwa mtundu wina. Ankasimba kuti ankawavula malaya, kuwayeza sikelo, kuwapima chifuwa, ndipo atafika ankawalowetsa m'chipinda chotentha ngati ng'anjo, kuwauza kuti azikwera ndi kutsika pa chipika kwa maola, kuti aone amene angapirire kutentha kwa pansi pa nthaka. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito kumeneko.

Tsono zidzukulu zawo zikalipira pa geti kuti zikakuwe mokondwa pamwamba pa mgodi ngati umene iwo ankatsikiramo ndi mantha. Sindikuwaletsa anawa kusangalala. Koma ndawauza kuti tsiku lomwelo tidzasunge mphamvu yolowera mu Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001 ndipo ili pafupi pomwepo. Namonso mumayendedwa maola awiri kapena atatu, ndipo mipando ndi yochepa.

Amene mukufuna kuyenda nafe ku Soche, kaya mukupita ku Joni, ku Makkah kapena kumudzi kokalima, tizikumana pa geti ya sukulu Loweruka lililonse tikangomaliza Fajr. Mutenge botolo la madzi. Ophunzira mubwere ndi kalata ya chilolezo yochokera kwa makolo.